Geni ya pa Muloza ndi nkhani yoti Malawi atuluke m'mgwirizano

Achemwali, mwafunsa mmene geni ya pa Muloza, chipata cha m'malire a Malawi ndi Mozambique ku Mulanje, imayendera, mwafunsanso ngati akulondola amene akuti Malawi angotuluka mu SADC kapena COMESA, migwirizano ya maiko a m'chigawo chino, monga mmene Britain inatulukira mu European Union m'chaka cha 2020. Kwa ife ooloka kupita ku Milange, tauni ya tsidya la Mozambique, funsoli ndi limodzi.

Dziwani kaye kuti Mozambique sali mu COMESA, anatulukamo kalekale, ndipo Tanzania naye anatuluka m'chaka cha 2000. N'chifukwa chake fomu yachidule ya STR ya COMESA, imene anzathu a ku Mchinji amadutsira katundu wochepa polowa ku Zambia, pa Muloza ilibe mphamvu. Kuno timadalira SADC ndi mapangano a maboma awiriwa okha. Amene akufuna kuona kutuluka m'mgwirizano kuti kumatani asavutike kupita ku London, abwere adzaime pano tsiku la msika wa Limbuli.

Kuti dyute ichotsedwe pamafunika certificate of origin, yosonyeza kuti katunduyo analimidwa kapena kupangidwa m'dziko la SADC. Apa m'pamene ongoyamba kumene amalirira. Munthu waoda zitenje kapena ziwiya ku Milange, m'mutu mwake akuti ndi katundu wa ku Mozambique, koma palebulo palembedwa China kapena India. Ameneyo a MRA amulipiritsa dyute yonse. Ngakhale pepalalo lilipo, VAT siichoka, muziiwerengeratu musanatchule mtengo kwa wogula. Za mbewu zili ndi zake: chiphaso cha a zaulimi chotsimikiza kuti mulibe tizilombo, ndiponso chilolezo cha unduna wa zamalonda ngati mbewuyo ili pa mndandanda wa zoletsedwa kutuluka wamba. Chimanga chimalowa ndi kutuluka pa mndandanda umenewo malinga ndi njala ya chaka chimenecho, ndipo chiletso chikhoza kukupezani galimoto ili kale pa msewu.

Sikelo muzitenga yanu. Thumba loti ndi la makilogalamu 50 muziliyeza nokha, ndipo muzibaya pansi ndi pakati, osati pakamwa pokha, poti mchenga ndi chimanga chonyowa amabisa kumeneko. Chosauma bwino chimapepuka chikafika ku Limbe, phindu lonse n'kuthera pa sikelo, chotsalacho anankafumbwe n'kumaliza. Ndalama musasinthe zambiri kuposa za katundu wa tsikulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi ngongole ya metikashi, ndalama ya ku Mozambique, anadzuka mpamba utaphwa osagulitsa kanthu.

Koma chimene chinatiphunzitsa za mapangano a maboma ndi nandolo. Aliyense wa ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe akukumbukira. Mu 2015 ndi 2016 mtengo unali bwino kwambiri moti anthu anatenga katapila, ena anagulitsa njinga zamoto ndi malata, kudzaza nyumba ndi matumba mpaka kudenga. Mu Ogasiti 2017 India, amene amagula pafupifupi nandolo yense wa kuno, anaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dziko lawo. Mozambique anali atasainirana kale pangano ndi India mu 2016, ndiye wawo ankalowabe. Ife tinalibe. Nandolo yemweyo, wa dothi lomwelo, mvula yomweyo ya phiri la Mulanje, tsidya lino wopanda wogula, tsidya ilo ali ndi msika. Matumba anayamba kuoloka usiku pa njinga za kabaza kukasanduka a ku Mozambique, pa mtengo umene wogula wa uko watchula, ndipo wogwidwa ankalandidwa zonse. Mabanja anatha chaka chimenecho, ena mpaka lero sanabwererenso pa msika. Pangano lathu ndi India la matani 50,000 pa chaka linadzabwera mu 2021, anthu atasauka kale. Amene tinapirira n'kutsala pa geniyi ndife ochepa, ndipo sitiuzidwa ndi munthu wa mu ofesi kuti pepala la boma n'losafunika.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo ogwira ntchito pa chipata. Alipo amene amaona pepala lili bwinobwino n'kumalitembenuza, kudikira ya fanta. Wina akuti sisitimu yagwa, tomato wanu akuphikika pa dzuwa. Tsidya linalo akulankhulani Chipwitikizi chothamanga pamene Chilomwe ndi Chinyanja akuchidziwa bwino, kuti musokonezeke mulipire chindapusa chimene simukuchimvetsa. Amayi ndi amene amavutitsidwa kwambiri, ndipo zimandiwawa. Musapereke ndalama popanda risiti, ndipo musasiye pasipoti kapena border pass m'manja mwa dobadoba. Komabe pamene pali pangano muli ndi poimira, mukhoza kufunsa wamkulu wa pa siteshoni kuti lamulo likuti chiyani. Pakapanda pangano, mawu a munthu wa yunifolomuyo ndiwo lamulo.

Ena amatchula chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuti makolo athu anatulukamo mu 1963 ndipo dziko silinathe. Zoona, ndipo anachita bwino, ku Thyolo anthu anafa pa zipolowe za 1953. Koma chimene chija anatikakamiza, malamulo ankachokera ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. SADC tinalowamo tokha, ndipo katundu wathu yense wopita ku doko la Nacala kapena Beira amadutsa m'dziko la eni. Britain ili ndi nyanja pafupifupi mbali zonse, komabe amalonda ake aang'ono anayamba kudzaza mafomu a kasitomu amene kale kunalibe. Ife tikatuluka, tiyi wa ku Thyolo adzera kuti?

Ngati mukuyambadi, yambani ndi matumba khumi a nyemba, osati lole, ndipo wogula ku Limbe mugwirizane naye mtengo musanaoloke.