Thumba lalikulu limatambasula manja

Sabata ino ndalandira imelo yomwe yandigunda pamtima. Alemba ndi mayi amene akudyetsa khomo la anthu 11. Akuti malipiro akangolowa amagula zakudya zochuluka pakamodzi poganiza kuti zitsika mtengo, koma mwezi usanafike pakati zambiri zimakhala zatha, ndipo ndalama yomwe amati apulumutsayo saiona komwe yalowera. Akufunsa kuti azigula chiyani, ndipo azigula bwanji.

Amayi, ndikuyankhani ndithu. Koma mundilole ndizungulire pang'ono, chifukwa funso lanuli ndakhala nalo m'nyumba kuyambira ndili kamtsikana.

Ndinakulira pakhomo pa anthu ambiri: ife obadwa mimba imodzi, ana a amalume, agogo, kuphatikizapo alendo aja amabwera kudzagona tsiku limodzi n'kupezeka atha chaka. Mayi anga anali ndi kachipinda kosungiramo zakudya, ndipo kiyi wake sankachoka pathupi pawo. Lolemba lililonse m'mawa ankatsegula, n'kutapa shuga wodzaza kachitini kamodzi, mafuta ophikira odzaza kabotolo kamodzi, sopo wodulidwa kale m'zidutswa, kenako n'kutseka. Shuga akatha Lachisanu, tiyi tinkamwa wopanda kanthu mpaka Lolemba linalo, thumba la shuga lili phee kuseri kwa chitseko, ife tikudziwa bwinobwino kuti lilipo. Tinkawanena kumbali kuti ndi ouma manja. Achemwali anga aakulu mpaka lero akaona kachitini ka mtundu umenewo amapukusa mutu. Komabe sindikumbukira mwezi umene tinagona ndi njala chifukwa chakuti zinthu zatha tsiku la malipiro lisanakwane.

Nditakwatiwa ndinapeza zosiyana. Bambo a ana angawa ndi munthu wopatsa, ndipo palibe chimawasangalatsa ngati kufika pakhomo ndi katundu wodzaza galimoto, ana akuthamangira kukatsitsa. Tsiku lina anabwera ndi chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20. Anachita masamu pamaso panga, kundionetsa kuti pa lita iliyonse tapulumutsa zakuti, n'kuchikhazika pakona m'khitchini pomwe aliyense amafikira. Masamu awo anali olondola. Chomwe sanawerengere ndi dzanja la wophika. Munthu akamathira mafuta a m'kabotolo kotsala pang'ono kutha, amadontheza mosamala, diso lili pamlingo. Akamapendeketsa chigubu cholemera, mafuta amakhuthuka okha, ndipo mtima sudumpha chifukwa akuona kuti akadalipo ambiri. Zakudya zomwe tinkangowiritsa zinayamba kukazingidwa. Anyamata anatulukira luso lokazinga mazira masana ine kulibe. Mlamu wanga atabwera kudzacheza anachiona chigubucho, ndipo sakanabwerera wopanda kabotolo. Nanga m'bale ungamumane bwanji chinthu chili poyera, chodzaza chonchija? Chigubu chomwe tinkati chitifikitsa miyezi itatu chinagogoda pansi nthawiyo isanafike n'komwe pakati. Palibe anaba, palibe anataya. Chinangodyedwa.

Ndiye mukandiuza kuti zinthu zikutha mwezi uli pakati, ine sindiyamba ndi kukayikira sitolo yomwe mumagulako. Ndiyamba ndi kufunsa pomwe mumaika thumba mukafika nalo kunyumba. Ngati thumba lonse limatsegulidwa n'kukhala m'khitchini, mwagula zambiri kuti mudye zambiri, basi. Mosungira ndi mophikira zizikhala mbali ziwiri zosiyana, ndipo pakati pake pakhale munthu mmodzi ndi muyeso umodzi. Ena adzati kumeneko n'kulamulira anthu akuluakulu ngati makanda. Anene. Onenawo si amene amayang'ana m'poto tsiku la 22 la mwezi, ana atazungulira.

Izi sizikutanthauza kuti masitolo ndi oyera. Tonse tinakula tikukhulupirira kuti chachikulu ndiye chotchipa, ndipo ogulitsa amachidziwa bwino chikhulupiriro chimenechi. Kawirikawiri zimakhaladi choncho, koma osati nthawi zonse. Ndinaimapo m'sitolo ina yaikulu, foni ili m'manja, n'kupeza kuti mapaketi awiri aang'ono a sopo waufa akutchipa kuposa paketi imodzi yaikulu yolemera chimodzimodzi, pamene yaikuluyo ndiyo inali ndi chikwangwani chofiira cholonjeza kupulumutsa. Nditamuonetsa mnyamata woika katundu m'mashelefu, anangoseka n'kunena kuti anthu safunsa. Mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu uja ulibe ntchito. Wofunika ndi mtengo wa kilogalamu imodzi kapena lita imodzi: tengani mtengo wonse, gawani ndi kulemera kwake. Masitolo ena amaulemba ndi tizilembo tating'ono pansi pa shelefu, ena salemba dala. Chenjeraninso ndi paketi yomwe maonekedwe ndi mtengo sizinasinthe koma magalamu achepetsedwa mwakachetechete. Yomwe munkaidziwa ngati ya magalamu 500 mudzapeza yalembedwa 450. Mafuta nawo ena amagulitsa pa lita, ena pa kilogalamu, ndipo ziwirizi si zofanana: lita imodzi ya mafuta ophikira imalemera pafupifupi magalamu 920.

Tiyerekeze chonchi, ndi ndalama ya mtundu uliwonse. Paketi ya mpunga ya makilogalamu 2 ili pa 100, thumba la makilogalamu 10 lili pa 460. Paketi yaing'ono ikupereka kilogalamu pa 50, thumba pa 46. Mwapulumutsa 40 pa thumba lonselo. Tsopano kilogalamu imodzi yokha ifumbwe, kapena inyowe, kapena ipite kwa alamu. Mwalipira 460 pa makilogalamu 9, kutanthauza kuti kilogalamu yakudyerani 51, kuposa mukanangogula timapaketi tija. Apa sitinaikepo ndalama ya thiransipoti yonyamulira thumbalo. Phindu la kugula mopikula nthawi zambiri ndi lopyapyala chotero, ndipo kakang'onong'ono kamalifafaniza.

Walira mvula walira matope. Wagula thumba wagulanso ntchito yolisunga, ndipo apa m'pamene ambiri timagwera. Anankafumbwe sachita kuchokera kutali. Nthawi zambiri mumabwera nawo nokha m'thumba momwemo. Wamkazi amaboola njere, kuikiramo dzira, n'kumata pabowopo, ndipo mphutsi imadya mkati osaoneka. Kukatentha, pakangotha mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono atuluka akuluakulu oyamba kuikira awo mazira. N'chifukwa chake thumba looneka loyera m'sitolo limadzakhala fumbi lokhalokha pansi pake. Ali ndi firiji yoziziritsa mpaka madigiri 18 pansi pa ziro akhoza kugonekamo ufa, mpunga kapena nyemba kwa sabata imodzi, tizilombo ndi mazira omwe zimafa. Amene alibe, njira ndi kutsekera mpweya: ndowa yokhala ndi chivundikiro chothina, yodzazidwa mpaka pakamwa, kapena matumba aja a PICS omwe anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba lolukidwa kunja. Tizilombo timamaliza mpweya womwe uli mkatimo n'kufa tokha, popanda mankhwala. Koma mukamatsegula tsiku ndi tsiku ndiye kuti mukutipatsa moyo, choncho tapani za sabata yonse kamodzi n'kumanganso.

Chinyezi ndiye choopsa kuposa anankafumbwe. Thumba lisagone pasimenti kapena kutsamira khoma, likhale pathabwa. Mtedza ndi chimanga zikachita chuku zimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Zotere musadandaule nazo ndalama, tayani. Mafuta ophikira amadana ndi dzuwa, kutentha ndi mpweya. Chigubu chotsegulidwatsegulidwa pafupi ndi moto chimayamba kafungo ndi kuwawa pakhosi. Mpunga woyera umatha zaka ukasungidwa pouma, pamene wabulauni, chifukwa cha mafuta a m'gaga wake, umayamba kununkha pakatha miyezi ingapo. Ufa wosachotsa gaga ndi chimodzimodzi. Nyemba zokhalitsa pamalo otentha ndi achinyezi zimauma mtima, zimakana kupsa, ndipo zomwe munapulumutsa pogula mumazibweza pa moto wophikira.

Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, linanena mu lipoti lake la 2024 kuti m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya chakudya choposa matani 1 biliyoni, ndipo magawo 60 pa 100 alionse anatayidwa m'makomo, osati m'masitolo kapena m'malo odyera. Ndikamva zimenezi ndimaganiza za katoni ya tomato yogulidwa motchipa yomwe theka lake limathera kudzala.

Pali china chimene chimandipsetsa mtima pa nkhani imeneyi, ndipo ndichinena ngakhale simunandifunse. Alangizi a zachuma amakonda kuuza mabanja ovutika kuti azigula zambiri pakamodzi, ngati kuti wogula pang'onopang'ono ndi wopanda nzeru. Kugula thumba kumafuna ndalama yambiri tsiku limodzi, malo osungira, ndowa, mwinanso firiji ndi magetsi odalirika. Wopanda zimenezi amagula kapaketi tsiku ndi tsiku pa mtengo wokwera, akudziwa bwino lomwe kuti akudyeredwa. Katswiri wina wa ku Germany, Ernst Engel, anaonetsa kale mu 1857 kuti banja likakhala losauka, gawo lalikulu la ndalama zake limathera pa chakudya. Ndiye banja lotere likathira ndalama yonse ya mwezi m'matumba, mwana n'kudwala pa 10, lichita bwanji? Mpunga sulipira kuchipatala. Limakakongola ndalama yachiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho chimameza kaphindu konse ka thumba lija, n'kupitirira. Ine ndimakana zoti munthu akongole kapena atsale chimanjamanja pofuna kugula mopikula. Ndimakana ndithu.

Chomwe ndimavomereza ndi kusonkherana. Mu 1844, m'tauni ya Rochdale ku England, anthu 28, ena mwa iwo oluka nsalu, anatopa ndi kugulitsidwa zakudya zodula, zosakanizidwa ndi zinyalala komanso zoyezedwa pa sikelo zachinyengo. Anasonkha pang'onopang'ono n'kutsegula kasitolo kawo mumsewu wa Toad Lane, poyamba kali ndi ufa, oats wophikira phala, shuga, batala ndi makandulo basi. Mabungwe ambiri a makopaletivu padziko lapansi amaloza kumeneko ngati chiyambi chawo. Inu simukufunika sitolo. Mabanja atatu kapena anayi okhulupirirana akwanira: mugula thumba la makilogalamu 50 pa mtengo wa holoselo, mugawana thiransipoti, aliyense atenga gawo lomwe amaliza lisanafumbwe. Koma mugawane tsiku lomwelo, pa sikelo, onse alipo, ndalama zitaperekedwa kale. Ndaona chibale chikuzilala chifukwa cha mawu akuti "ndikupatsani mawa".

Nanga mugule chiyani?

Musanagule chilichonse chachikulu, thani mwezi umodzi mukulemba zomwe khomo lanu limadyadi pa sabata. Pakhoma la khitchini, pensulo ndi pepala. Mukadziwa kuti shuga amapita wochuluka bwanji, mudziwa kukula kwa thumba loyenera, komanso kukula kwa kachitini kotapira.

Gulani zambiri pa zinthu zosaola zomwe mumadya mosalekeza: mpunga woyera, shuga, mchere, pasitala, zam'chitini, sopo, mapepala a kuchimbudzi. Sopo wamtanda mumuchotse m'pepala aume, salowa madzi msanga. Ufa, nyemba ndi mafuta mugule zoti zitha m'miyezi iwiri kapena itatu. Mbatata ndi anyezi zikhale pamdima podutsa mphepo, koma motalikirana, chifukwa pamodzi zimaolerana. Nyama yambiri ndi ya okhawo amene firiji yawo sizima. Zatsopano ziziikidwa kumbuyo, zakale kutsogolo. Pa madeti olembedwa papaketi, "use by" ndi lamulo, tsikulo likadutsa musadye. "Best before" akungonena za kukoma, ndipo katundu wouma wotsala pang'ono kufika tsikuli amatsitsidwa mtengo, pakhomo pa anthu 11 atha lisanakwane. Thumba losasindikizidwa ndi fakitale muliyezetse muli pomwepo, ndipo pisani dzanja mpaka pansi.

Yisiti, zokometsera zakudya ndi chilichonse chomwe banja silinalawepo, gulani pang'ono ngakhale atatsitsa mtengo motani. Mabisiketi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera musayerekeze n'komwe kugula katoni, ngakhale mutakhala ndi kiyi. Ana amanunkhiza, ndipo bambo awo ndi amene amayamba kupempha.