Yankho pa zoyambitsa kalabu ya kiriketi ku Salima

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kuyambitsa kalabu ya kiriketi ku Salima popanda ndalama zogulira zipangizo. N'zotheka ndithu, ndipo ine ndikuona kuti chofunika kwambiri poyamba ndi malo komanso ana obwera mokhulupirika.

Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale yapafupi kuti akubwerekeni bwalo masana, kenako musalaze ndi kutsendera pakati pake kamzere koponyerapo mpira kotalika mamita 20, chifukwa mchenga wa kunyanja kuno sulola mpira kunjanja bwino. Mpira wachikopa ndi wodula ndipo umapweteka ana osavala zodzitetezera, choncho yambani ndi mpira wa tenesi wokulungidwa ndi tepi ya magetsi, monga amachitira achinyamata a ku Pakistan. Ndodo zomenyera mpira kalipentala akhoza kukusemerani.

Chimene chimagwetsa makalabu ambiri ndi kudalira munthu mmodzi, amene akasamuka zonse zimathera pomwepo. Sankhani komiti yokhala ndi makolo, msungichuma azilemba chopereka chilichonse m'kope, ndipo atsikana musawasiye kunja. Timu ikakwana osewera 11, lemberani a bungwe loyendetsa masewera a kiriketi m'Malawi kuti akudziweni, ndipo m'mwezi wa Okutobala muzichita masewerawa m'mamawa dzuwa lisanakwere.