Za kalendala ya mwezi ija, yambani mwafunsa za chisanu

Achemwali funso lanu ndinaliona dzulo usiku ndikuchokera ku shifiti koma maso anali atalemera, ndiye ndati ndiyankhe lero bwinobwino. Mwati mwapeza allotment, kadimba kobwereka, ku Leeds kuno ku England, mzungu wa poloti yoyandikana nanu wakupatsani kabuku ka ulimi wachilengedwe wotchedwa biodynamic kamene kamanena masiku obzalira motsatira mwezi, ndiye mukufuna kudziwa kuti spring ino, nyengo yozizira ikamatha, muyambe ndi chani ndipo liti. Kabukuko ine ndakhala ndikukagwiritsa ntchito zaka zingapo kuno ku Midlands.

Ulimi wa biodynamic anauyambitsa ndi Rudolf Steiner mu 1924 pomwe ankaphunzitsa alimi ku Koberwitz, komwe pano ndi ku Poland. Koma kalendala mwagwirayo ndi ntchito ya mayi wina wa ku Germany, Maria Thun, yemwe ankayesa kufesa mbewu masiku osiyanasiyana kumaona kusiyana kwake. Ganizo lake ndi lakuti mwezi ukamazungulira, pa masiku 27 ndi kanthu, umadutsa magulu 12 a nyenyezi, ndiye masiku amagawidwa panayi. Pali a mizu, mwezi ukakhala pa Taurus, Virgo kapena Capricorn, amenewo ndi a karoti, anyezi, mbatatesi. Pali a masamba, Cancer, Scorpio ndi Pisces, ndiye repu, mpiru, kabichi, bonongwe. A zipatso, Aries, Leo ndi Sagittarius, apo ndi tomato, nyemba, maungu ndi chimanga. Otsalawo ndi a maluwa, kwa ife alimi a ndiwo ndi broccoli basi. Mupezanso masiku ena olembedwa timizere, amenewo akuti musakhudze dimba, ine ndimachapa zovala kkkk.

Nde apa ndi pomwe ambiri timalakwa. Kabukuko kamakuuzani tsiku, koma sabata yake amanena ndi chisanu ndi nthaka. Chaka changa choyamba ndinaona tsiku la zipatso kumapeto kwa Epulo, dzuwa lili ng'aa, ndinanyamula mbande zanga za maungu zomwe ndinazilera pawindo ngati ana, ndinakawokera. Patangopita masiku atatu ndinapeza masamba onse ada bii, ofewa ngati aphikidwa kale, chisanu chinadutsa usiku umodzi wokha. Agogo ena a poloti yapafupi anangopukusa mutu n'kundiuza kuti kuno zinthu zosapirira kuzizira sizituluka panja Meyi asanathe. Kwanu ku Leeds ndi kumpoto kuposa kuno, ndiye musathamange, ngakhale kuyamba kwa Juni kuli bwino. Ndipo palibe chodandaula chifukwa mtundu uliwonse wa tsiku umabweranso pakadutsa masiku ngati 9, mukaphonya lero mulipezanso sabata yamawa.

Mmene ndimachitira ine, Febuluwale ndimayika mbatatesi za mbewu mu thileyi ya mazira pawindo kuti zitulutse maso. Malichi ndi mwezi wa m'nyumba, tomato ndi tsabola ndimafesa mu timapoto tsiku la zipatso, pamalo otentha komanso owala, apo ayi zimangotalika n'kuwonda ngati udzu. Panja mu Malichi musachite zambiri, gwirani dothi ndi dzanja, likamamata n'kumazizira mpaka m'mafupa dikirani. Kumapeto kwa Malichi mpaka Epulo ndi pomwe ndimayika anyezi ndi mbatatesi tsiku la mizu, karoti ndimadikira Epulo nthaka ifunde pang'ono chifukwa mu dothi lozizira amangokhala phee osamera, inu n'kumati mbewu ndi zoipa.

Maungu athu a nkhwani fesani m'nyumba chapakati pa Epulo, mbewu imodzi poto imodzi. Apa pali kankhani, kalendala imati maungu ndi a tsiku la zipatso, koma ife tikufuna masamba eti? Ine ndimagawa, ena tsiku la masamba ena la zipatso, ndipo kunena zoona nsima inatsika chimodzimodzi. Musanawokere muziwatulutsa panja masana n'kuwalowetsa usiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti azolowere mphepo. Bonongwe ndi nyemba nazo zimafuna kutentha, dikirani kumapeto kwa Meyi. Repu ndi wolimba mtima, Epulo amamera bwino. Koma mpiru ndikuchenjezeni, mukafesa mu spring masiku akamatalika umathamangira kuchita maluwa musanathyole kawiri, bola kuufesa mu Ogasiti. Chimanga choyera cha kumudzi ndiye musadzivutitse, chimakula mpaka kupitirira munthu, ngayaye n'kuchedwa, kuzizira n'kufika chisanakhwime. Gulani sweetcorn wa konkuno, bzalani mowunjikana osati mzere umodzi kuti mungu ugwere bwino.

Zomwe mwafunsa zoti a biodynamic amakwirira nyanga ya ng'ombe ndi zoona, si nthabwala ayi. Amaitcha 500, amathira ndowe mu nyanga n'kukwirira nyengo yonse yozizira, spring ikafika amafukula, n'kutenga pang'ono chabe kutakasa mu ndowa ya madzi kwa ola lathunthu, uku ndi uku, kenako kuwaza pa nthaka madzulo. Simukufunika kusaka nyanga, a bungwe la Biodynamic Association la ku Stroud konkuno ku England amagulitsa zopanga kale. Ndinayesapo kamodzi, mkono unawawa masiku awiri, bambo a kunyumba akundiyang'ana pawindo ngati ndayamba using'anga.

Kodi zimagwira? Asayansi ambiri amati umboni woti mwezi umasintha zokolola ndi wochepa, ndipo ine sindingakangane nawo. Chomwe ndinaona n'chakuti kabukuko kanandichotsa ulesi, tsiku la mizu likakwana ndimadzuka kupita kudimba ngakhale kukuwaza mvula, komanso anthu a biodynamic amalimbikira kwambiri kompositi ndi kusathira mankhwala, ndipo apo ndiye nthaka yanga inasinthadi, nyongolotsi mbwee. Komanso sizachilendo kwenikweni, agogo anga ankakana kudula nsungwi mwezi ukuwala ati zimafumbwa msanga, nde ine sindiseka za mwezi.

Chinthu chimodzi chomwe kalendala sinena ndi nkhono zopanda chigoba zija. Sizidziwa Pisces kapena Leo, usiku umodzi wa chinyezi zimamaliza mzere wonse wa mbande. Muziwokera mbande zitakulako ndithu, ndipo madzulo muzipita ndi tochi ndi kachitini kukazitola. Mbewu za bonongwe ndili nazo zambiri za chaka chatha, ndilembereni ku inbox ndikutumizireni pa positi Epulo asanathe.