Fisi ndi ng'ona pakati pa Lilongwe: yankho kwa bambo a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Area 25. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Ana anga atatu atsekera sukulu ndipo akundivutitsa kuti akufuna kukaona nyama. Ndalama yopitira ku Liwonde kapena ku Kasungu ndilibe. Mnzanga kuntchito akuti mu Lilongwe momwe muno muli nkhalango ya ng'ona ndi afisi, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Kodi akunena zoona kapena ndi zocheza za pa bawo? Ngati n'zoona, tikaonako chiyani, ndipo ana sakadyedwa?"

Bambo, zikomo polemba. Mnzanuyo sananame. Ngati munakwerapo minibasi yochokera ku depoti kupita ku City Centre kudzera mu Kenyatta, ndiye kuti nkhalangoyo mwaidutsa kambirimbiri, kungoti maso anali pa foni kapena pa chenji cha kondakitala. Pamene msewu ukutsikira ku mlatho wa Lingadzi, mitengo n'kuyamba kuthithikana mbali zonse, pamenepo ndi pomwepo. Malowo ndi Lilongwe Nature Sanctuary, mahekitala pafupifupi 180, ndipo mkati mwake ndi mmene muli Lilongwe Wildlife Centre, imene inayamba mu 2007.

Mwina mukudabwa kuti thengo lotere linapulumuka bwanji mumzinda umene ngakhale dambo anthu amalidula mapuloti. Pamene boma linaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo likulu linasamukadi mu 1975. Okonza mapulaniwo anafuna mzinda wotakasuka, wa mitengo, ndiye pakati pa tauni yakale ndi City Centre anasiyapo thengo dala. N'chifukwa chake Lilongwe ali ngati matauni awiri oyang'anizana patali. Ife oyenda pansi timadandaula kutalika kwa mtunda, koma agwape ndi mbawala akanatha kulankhula bwenzi akuthokoza. Pa kalembera wa 2018 mumzindawu munapezeka anthu 989,318, ndipo nyamazi zikukhala pakati pa khamu lonselo.

Tsopano ndikuuzeni chimene chingaononge ulendo wanu chisanauononge. Ana akamva zoti "kukaona nyama" m'mutu mwawo mumabwera mkango uli mu khola, njovu ikukupiza makutu. Ngati mupita ndi chiyembekezo chimenecho mudzabwerako mutakwinya nkhope, ana akufunsa kuti ndalama ya pageti munalipiriranji. Kale pamalopo panalidi mikango, ndipo ambiri amakumbukira Bella, mkango waukazi wa diso limodzi umene unachokera ku Romania. Unafa kale. Ntchito yeniyeni ya malowa ndi kulandira nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa ozembetsa, monga apusi, anyani ndi ngaka, kuzichiza, ndipo zimene zingathe kuzibwezera kuthengo. Nyama yoti ibwerere kuthengo siyenera kuzolowera anthu. Choncho chimene mukupitira inu ndi tinjira ta m'nkhalango totsata mtsinje, kumene nyama zake n'zaufulu ndipo sizinalonjeze munthu aliyense kuti zionekera.

Auzeni anawo asanachoke pakhomo kuti mukupita kukachita ulenje wopanda uta. Amene ayambe kupeza chizindikiro cha nyama ndiye wapambana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mbali mwa Lingadzi mwambiwu umagwira ntchito ngati lamulo. Ine ulendo wanga woyamba ndinayenda ngati ndikuthamangira basi, ndinazungulira kanjira konse osakwana ola, n'kutuluka ndikunena kuti muno mulibe kanthu koma apusi. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi malume anga amene anakulira kumudzi kufupi ndi Dzalanyama. Pa mtunda umene ine ndinaudutsa mphindi zisanu, iwo anathapo theka la ola, maso ali pansi.

Zimene anandionetsa tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna mukaonetse ana anu. Mukaona ndowe zoyera mbee ngati choko, zouma, m'mbali mwa njira, ameneyo ndi fisi. Zimayera chifukwa fisi amatafuna ndi mafupa omwe. Phazi lake limafanana ndi la galu wamkulu, zikhadabo zikuoneka, koma la kutsogolo limakula kuposa la kumbuyo, ndipo zala zake zimakhala zopindika, zothinana. Mukaona pansi patafukulidwa ngati wina amafuna kuyamba dimba n'kusintha maganizo, nguluwe zinadutsa usiku zikufuna mizu. Timibulu takuda tating'ono tounjikana pamodzi ndi ta gwape. Munga wautali wa mizere yakuda ndi yoyera ndi wa nungu, ndipo mwana akautola, tsiku lake lakoma basi, ngakhale muyenera kumuuza kuti auone, aujambule, ausiye pomwepo. Pa miyala ya m'mphepete mwa madzi yang'anani ndowe zodzaza ndi zigoba za nkhanu. Ameneyo ndi katumbu. Mwini wakeyo kumuona n'kwamwayi, ine ndinangoona kamodzi mutu ukumira, koma chimbudzi chake sabisa.

Zimene mudzazione ndi maso mosavuta ndi apusi. Amenewa ndi eni mudzi ndipo amadziwa kuti chikwama cha mwana chimakhala ndi chiyani. Mphwanga wina anatulutsa mandazi kuti adye tili chikhalire pa benchi, kutembenuka kuti andiyankhe, mandazi ali m'mwamba mwa mtengo. Tinaseka, koma nkhani yake si yoseketsa kwenikweni. Pusi wozolowera kupatsidwa chakudya amayamba kulanda, akalanda amaluma, ndipo kulumidwa ndi nyama yakuthengo kumatanthauza ulendo wa kuchipatala kukabayitsa jakisoni wa chiwewe. Musawapatse kanthu, ngakhale ana achonderere bwanji. Mbawala mukhoza kuiona ngati muyenda mwakachetechete. Imaima duu m'zitsamba, mawanga ake oyera n'kusakanikirana ndi kuwala kodutsa m'masamba, ndipo kawirikawiri mumaizindikira pokhapokha yagwedeza khutu. Ikadzidzimuka imauwa ngati galu n'kuthawa. Ng'azi nayo imapezeka m'mbali mwa madzi, ndipo ndi imene imachititsa ana ambiri kukuwa kuti aona ng'ona.

Za ng'ona zenizenizo: zilimo. Si zambiri ngati za mu Shire, koma imodzi yokha ikwanira. Nthawi yabwino yoziona ndi m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July, pamene zimatuluka kukaothera dzuwa pa mchenga kapena pa mwala. Poyamba mudzayesa chipika. Lamulo la ana likhale limodzi losakambirana: palibe kutsikira kumadzi, palibe kusamba m'manja, palibe kutola mwala m'mphepete. Ngakhale ng'ona zikanapanda kukhalamo ndikananena chimodzimodzi, chifukwa madzi a mitsinje ya m'tauni ali ndi zonyansa zokwanira, ndiponso likodzo silichita phokoso polowa m'thupi.

Afisi masana simudzawaona, ndipo sadzakuvutitsani. Amagona m'mapanga, m'mayenje ndi m'makalavati a pansi pa misewu, n'kutuluka kukada. Akatswiri a bungwe lofufuza za nyama zolusa la Carnivore Research Malawi akhala akuwatsatira afisi a mu Lilongwe kwa zaka zingapo, ndipo chimene chimaoneka n'chakuti mitsinje ndiyo misewu yawo. Amatsata Lingadzi ndi Lilongwe usiku, kudya zotayidwa, nyama zakufa, ngakhale agalu osokera. Anthu okhala m'ma Area oyandikana ndi mitsinjeyi amawamva akulira usiku. Ndikudziwa kuti kwathu kuno fisi akaoneka m'tauni nkhani imathamangira kwa amene wamukwera, ndipo sindikufuna kukangana ndi agogo a munthu aliyense. Ndingoti fisi wa mu Lingadzi ali ndi chifukwa chokwanira chokhalira m'tauni popanda womutuma: anali pano mzinda usanabwere, ndipo ife timamutayira chakudya tsiku lililonse.

Koma chuma chenicheni cha nkhalangoyi ndi mbalame, mitundu yoposa 200. Apa ndi pamene kulawira kumalipira. Fikani geti likangotsegulidwa, musanamve kutentha pa phewa. Simusowa makina oonera patali kuti musangalale. Yambani ndi zimene ana akuzidziwa kale, pumbwa, njiwa, nthengu, nkhanga zikupalasa m'masamba ouma, kenako muwaonetse nantchengwa ataima m'madzi osaya akudikira achule. Mukayang'ana pa mphanda za mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje mukhoza kupeza chisa chake, chimulu cha tinkhuni chachikulu moti simungakhulupirire kuti chinamangidwa ndi mbalame ya msinkhu umenewo. Auzeni anawo zimene agogo anu ankanena za nantchengwa, kenako muwasiye aone okha mbalame ikusodza mwaulemu wake. Atchete amapachika zisa zawo pa nthambi zolendewera pamadzi ndi pa bango, ndipo nthawi ya mvula phokoso lawo limaposa la msika wa Tsoka. Mukakhala chete pafupi ndi dziwe kwa mphindi khumi, kambalame kobiriwira kowala kadzadutsa ngati muvi kufupi ndi madzi, kapena kakuda ndi koyera kadzaima m'malere kakukupiza mapiko kenako n'kudziponya chamutu. Timeneto ndi timbalame todya nsomba, ndipo ana savutika kutikonda.

Funso la nyengo ndi lofunika. Kuyambira August mpaka October masamba amakhala atayoyoka, udzu wagwa, nyama zimayandikira madzi, ndiye kuona kumaphweka, kungoti dzuwa la October silichita chibwana. M'dzinja nkhalango imakongola koposa ndipo mbalame zochokera kutali zimakhala zafika, koma tinjira timaterera, linthumbu limadutsa m'njira, udzudzu uli ponseponse, ndipo mtsinje ukhoza kudzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene mwaimapo sipanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumtunda. Mvula ikangotha, chenjerani ndi chitedze m'zitsamba za m'mbali mwa madzi. Amene anayabwidwapo safuna kuuzidwa kawiri. Ana avale nsapato zotseka, osati masilipasi, ndipo mukafika kunyumba muwayang'ane nkhupakupa m'miyendo. Tengani madzi akumwa. Pageti pamalipiridwa, ndipo ndi mmene kwacha ikuyenderamu ndi bwino kufunsiratu mtengo ndi nthawi yotsegulira musananyamuke.

Pali china chimene mudzachione, ndipo ana adzakufunsani. Pa nthambi zoyandikira madzi mudzapeza majumbo atakoleka ngati mbendera, mabotolo ataunjikana pa mizu ya mikuyu, matewera a ana, nsapato imodzi. Zimenezo sizinatayidwe ndi alendo a m'nkhalangomo. Zabwera ndi madzi kuchokera kumtunda, kumene Lingadzi amadutsa m'malokeshoni. Kutalika kwa pamene jumbo lakoleka kumakuuzani pamene madzi anafika dzinja lapitalo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019, koma pitani mukafunse nthambi za mu Lingadzi ngati zinamva. Kumtundako anthu akukumba mchenga, kuumba njerwa, kulima madimba mpaka m'mphepete penipeni, ndipo sindingawaweruze msanga chifukwa ambiri ndi pamene pakuchokera ndiwo za tsiku limenelo. Koma mtsinje wopanda mitengo ndi bango m'mbali umathamanga ngati wopenga. Anthu a ku Mtandire akukumbukira February wa 2017, pamene Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba. Nkhalango imene mukupitayi nayonso ikudyedwa m'mbali pang'onopang'ono: ofuna nkhuni, otchera misampha ya waya, moto wa chilimwe, ndiponso mitengo yambiri imene inagwa mu 2021 pokuza msewu wa Kenyatta. Msewuwo tikuufuna, ine ndemwe ndimaudutsa, koma mthunzi umene unali pamenepo ndimausowa.

Ngati mwana wanu wamkulu ali ku sekondale, muonetseni ulendo wa madziwa pa mapu. Lingadzi amathira mu Lilongwe, Lilongwe amene amachokera ku Dzalanyama n'kudutsa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene kumachokera madzi a m'mipope yathu. Lilongweyo amakathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima. Botolo limene laponyedwa mu ngalande ku Area 49 likhoza kukathera kumene kumachokera usipa wa pa mbale yake.

Anawo akaikonda ntchitoyi, pali pena popitiriza. Ku City Centre kuli munda wa zomera wa Botanic Garden, woyenera kuyenda ndi ana aang'ono. Okonda mbalame amapitanso ku maiwe a zonyansa a ku Kauma. Inde, fungo lilipo, koma mbalame za m'madzi zimasonkhana kumeneko kuposa pena paliponse m'tauni, ndipo ndi bwino kupita pagulu. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lili ndi nthambi ku Lilongwe ndipo limagwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'masukulu, ndiye funsani aphunzitsi ngati pasukulu ya ana anu ilipo. Chokhacho chimene sindingakulangizeni ndi kutsata mtsinje nokha kunja kwa malo otetezedwa, makamaka pansi pa milatho ndi madzulo. Kumeneko choopsa chimayenda ndi miyendo iwiri ndipo chimafuna foni yanu.

Mupite Loweruka m'mawa, aliyense ndi kope ndi pensulo, wamng'ono ajambule, wamkulu alembe. Mukapeza ndowe zoyera zija mundijambulire, munditumizire pa imelo yomweyi, mundiuzenso kuti anayamba kuziona ndani mwa atatuwo.