Buledi woviika m'mazira akupserera, ndichite bwanji?

Funso: Akonzi, ana anga amakonda French toast, buledi uja timaviika m'mazira ndi mkaka n'kukazinga. Koma wanga amapserera kunja, mkati ali phalaphala. Ndikulakwitsa pati? Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, choyamba siyani buledi wa lero. Ngofewa kale, ndiye akangonyowa amaphwanyika. Tengani wogona tsiku limodzi kapena awiri, mudule masilayisi okhuthala masentimita 2.

Pa masilayisi 4, sakanizani mazira 2, mkaka theka la kapu, shuga sipuni yaing'ono imodzi, kamchere ndi sinamoni ngati alipo. Takasani mpaka choyera cha dzira chisaonekenso, apo ayi mupeza timizere ta dzira lokazinga pa buledi. Mkaka musapyoze muyezo umenewu, chifukwa ukachuluka mkati simuuma. Viikani mbali iliyonse masekondi 20 okha.

Kupserera kumachokera ku moto. Ukakhala waukali, shuga ndi majarini zimada mazira a mkati asanapse. Pa mbaula, dikirani makala ayambe kuchita phulusa, kapena pungulani ena. Sungunulani sipuni ya majarini m'chiwaya, muthiremo timadontho ta mafuta ophikira, kenaka kazingani mphindi 3 mbali iliyonse mpaka afiire. Dinani pakati ndi sipuni: akabwerera osatuluka madzi, wapsa.

Musanaike ena, pukutani chiwaya, poti zotsalira zakuda zimawawitsa. Uchi kapena shuga wowonjezera muthire pamwamba pakudya.