Mwana wanga wakakamira maphunziro a za madzi, kodi kumeneko kuli ntchito?

Sabata ino ndalandira makalata awiri ofunsa nkhani imodzi, ngakhale olembawo sakudziwana. Yoyamba ndi ya mayi wina wa ku Chiputula, ndipo ndaifupikitsa motere:

"Alangizi, ndimagulitsa kaunjika mumsika waukulu wa Mzuzu. Mwana wanga wamkazi woyamba wapeza mapointi 16 pa mayeso a Fomu 4. Ine ndi bambo ake timafuna alembe unamwino kapena uphunzitsi, koma iye wakakamira kuti pa fomu ya NCHE, yofunsira malo m'mayunivesite a boma, ayambe ndi maphunziro a za madzi a ku Mzuni. Azakhali ake akumuseka kuti akufuna kupita ku yunivesite kukaphunzira kukonza mijigo. Fizi ndaivutikira, sindikufuna adzangokhala pakhomo ndi digiri. Tithandizeni."

Mayi, ndiyambe ndi azakhaliwo, chifukwa mawu awo ndawamvapo kwa makolo ambiri. Ngakhale mwana wanu akanati akupitadi kukaphunzira kukonza mijigo, ine sindikanamuseka. Boma limawerengera kuti mjigo umodzi uzimwetsa anthu 250, ndipo tsiku limene wafa, anthu onsewo amabwerera ku chitsime cha m'dambo. Komabe zimene mwanayo akufuna n'zokulirapo kuposa pamenepo.

Mawa m'mawa mukatsegula mpopi, muyese kuwatsatira madziwo kumene achokera. Mvula yagwa m'nkhalango ya Kaning'ina, yatsetsereka n'kulowa m'damu la Lunyangwa. Pali munthu amene ntchito yake ndi kudziwa kuchuluka kwa madzi amene alowa m'damumo, amene akutuluka tsiku lililonse, ndi amene adzatsale pofika Okutobala dzuwa likamaswa mtengo. Pali wina amene amayang'ana ngati anthu ootcha makala ndi olima m'mphepete mwa mitsinje sakudzaza damulo ndi matope, chifukwa damu lodzala matope limaoneka lodzadza koma madzi ake ndi ochepa. Kumalo oyeretsera madzi kuli woyeza mankhwala ogwetsa matope ndi klorini, ndipo akalakwitsa pang'ono mzinda wonse umamwa zolakwikazo. Kenako pali injiniya wowerengera kukula kwa mapaipi ndi mphamvu ya mapampu, poti Mzuzu ndi wa zitunda ndi zigwa, madzi sakwera okha ku Masasa kapena ku Zolozolo. Pali ofufuza pamene paipi yaphulika pansi pa nthaka ndi pamene wina walumikiza mwakuba. Onsewa amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mu mzinda uno, ndipo inu nomwe mukuona mmene mapuloti akutsegukira mbali zonse. Nyumba iliyonse yatsopano ikufuna mpopi ndi chimbudzi, koma damu ndi lomwe lija.

Mwatchula unamwino, ndiye tiyeni tikumbukire kolera. Mliri umene unayamba mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino, unapha anthu oposa 1,700, ndipo kuno kumpoto Nkhata Bay inavutika kwambiri. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Anamwino anagwira ntchito usana ndi usiku m'matenti, ndipo tiwathokoze. Koma namwino amakumana ndi wodwala atamwa kale madzi oipa. Amene akanachititsa kuti wodwalayo asafike n'komwe kutentiko ndi munthu wa mtundu umene mwana wanu akufuna kukhala: woyeza madzi a pachitsime, woona kuti chimbudzi chakumbidwa pafupi kwambiri ndi pomwe anthu amatunga, wophunzitsa komiti ya pamjigo kuthira klorini. M'madera otsika ngati Chibavi ndi kwanu ku Chiputula, kumene madzi a pansi ali pafupi ndipo zimbudzi zimasefukira nthawi ya dzinja, nkhani imeneyi simukufunika kuiwerenga m'buku.

Anthu akamakamba za chitukuko amakonda kutchula misewu ndi mafakitale, koma tsatirani chilichonse mupeza madzi kumayambiriro kwake. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ometa, owotcherera ndi a zigayo kuno ku Mzuzu anakhala manja lende kwa maola ambiri pa tsiku, chifukwa cha madzi amene anasefukira ku Chikwawa. Mpunga wa Kilombero umene mumagula mumsikamo umachokera m'masikimu ngati Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, ndipo sikimu imayenda ngati pali wodziwa kugawa madzi m'ngalande mwachilungamo ndi kuzikonza zikagumuka. Ine maganizo anga ndi akuti Malawi sasowa madzi. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko lino ndi madzi. Chimene timasowa ndi anthu ophunzira okwanira osamala zimene tamanga kale. Mu 1968 anthu a ku Chingale ku Zomba anakumba okha ngalande n'kuika mapaipi otsitsa madzi kuchokera kuphiri popanda injini, ndipo njirayi inafalikira m'maboma ambiri mpaka alendo ankabwera kudzaphunzira kwa ife. Patapita zaka, mipopi yambiri ya m'masikimu otere inauma. Mitsinje inalipo, koma osamala magwero, osonkhetsa ndalama zokonzera ndi olemba za kuwonongeka anachepa. Sukulu ndi imene imatulutsa anthu amenewo, ndipo madzi nawo ndi amene amasunga mtsikana m'kalasi m'malo mwa pamzere wa pamjigo. Ziwirizi zimathandizana.

Tsopano funso lanu lenileni, la ntchito. Sindikunamizani kuti akangomaliza aitanidwa. Olemba ntchito alipo: mabodi asanu a madzi, kuphatikizapo Northern Region Water Board imene likulu lake lili konkuno, National Water Resources Authority, imene inabwera ndi lamulo la madzi la 2013 ndipo imapereka zilolezo zotungira madzi ndi zokumbira mijigo, maofesi a madzi a m'makhonsolo, makampani okumba mijigo, minda ikuluikulu ya nzimbe ndi tiyi, ndi mabungwe monga WaterAid, World Vision ndi UNICEF. Koma mabodi salemba chaka chilichonse, ndipo ntchito zambiri za m'mabungwe ndi za kontirakiti, pulojekiti ikatha munthu amayambanso kuponya makalata. Ndikudziwa achinyamata amene anadikira zaka ziwiri kapena zitatu asanapeze poyambira. Kungoti musaganize kuti unamwino ndi uphunzitsi ndi khomo lotseguka ngati kale. Funsani anzanu a mumsika, simulephera kupeza amene mwana wake anamaliza kukoleji ya aphunzitsi kapena ya anamwino n'kukhala akudikira boma nthawi yaitali. Masiku ano palibe kozi imene imabwera ndi kalata ya ntchito m'thumba. Ndiye pa ziwiri zonse zodikirira, ndi bwino mwana adikire ali ndi luso limene amalikonda, chifukwa wolikonda amapeza kochita ngakhale asanalembedwe.

Chimene ndikufuna mukhale naye pansi n'kumufunsa ndi ichi: pa anthu onse ndawatchula pa ulendo wa madzi uja, iyeyo akudziona ali pati? Mawu akuti "za madzi" amabisa makozi osiyana kwambiri, ndipo ana ambiri amazindikira ali kale chaka chachitatu. Ngati akufuna kujambula madamu, matanki ndi mapaipi, n'kumadzatchedwa injiniya wolembetsedwa ku Malawi Engineering Institution, njira yake ndi uinjiniya, monga Civil Engineering ya ku MUBAS ku Blantyre, ndipo kumeneko masamu ndi Physics ziyenera kukhala zolimba zedi. Ngati mtima wake uli pa ulimi wothirira, ayang'ane ku LUANAR, ku Bunda kapena ku NRC. Ngati amakonda Chemistry ndi za mu labu, MUST ku Thyolo ili ndi maphunziro a ukhondo wa madzi ndi a zanyengo. Ya ku Mzuni imatsamira pa kasamalidwe ka madzi ndi magwero ake, ukhondo, ndi kugwira ntchito ndi anthu m'midzi ndi m'matauni, ndipo pasukulupo pali Centre of Excellence in Water and Sanitation imene imachita kafukufuku m'madera athu omwe ano. Ndaonapo wina akukhumudwa ataona kuti malonda a ntchito ya ku bodi akufuna digiri ya uinjiniya pamene iye ali ndi ya kasamalidwe. Sikuti anaphunzira zachabe, koma anagogoda pakhomo la eni ake. Awerenge bwino chikalata cha NCHE cha chaka chino, aone maphunziro amene kozi iliyonse ikufuna, chifukwa mapointi 16 paokha sanena zonse. Amayang'ananso magiredi a maphunziro oyenera koziyo, kuwonjezera pa makirediti asanu ndi limodzi okhala ndi Chingerezi.

Mumufunsenso ngati angapirire fumbi ndi matope. Ntchito imeneyi, makamaka zaka zoyamba, ndi ya panjinga yamoto, kupita ku Mpherembe kapena ku Usisya kukayeza chitsime, kukhala pansi pa mtengo ndi mafumu kukambirana za ndalama ya mjigo imene msungichuma wadya. Ena amati si ntchito ya akazi. Ine ndimati amene amadziwa bwino vuto la madzi m'dziko muno ndi amene wasenzapo ndowa, ndipo m'makomiti a m'midzi amayi amamasuka kwambiri akaona kuti wabwera ndi mkazi mnzawo.

Akasankhidwa, pali zinthu zimene zimasiyanitsa wopeza ntchito msanga ndi wodikira, ndipo zambiri sizili pa satifiketi. Tchuthi chilichonse azipempha malo ophunzirira ntchito, ngakhale osalipidwa, ku ofesi ya madzi ya khonsolo kapena kwa okumba mijigo. Aphunzire kujambula mapu pa kompyuta ndi GIS, kusanja manambala mu Excel, ndi kulemba lipoti lomveka. Atenge laisensi ya njinga yamoto. Ngati kunyumba mumangoyankhula Chichewa, alimbikire Chitumbuka, ndi Chitonga chomwe ngati angathe, chifukwa msonkhano wa kumudzi suyenda ndi womasulira.

Pa za ndalama muli ndi mwayi umene makolo a ku Nsanje kapena Mchinji alibe. Mzuni ili pa Luwinga pomwepa, mwana akhoza kugona pakhomo n'kupulumutsa ndalama ya lendi ndi chakudya. Koma Mayi, ndikupempheni chinthu chimodzi, poti ndaziona kambiri: wophunzira wogona pakhomo, makamaka mtsikana woyamba kubadwa, amasanduka wophika, wochapa ndi wolera ang'ono ake, mpaka mayeso kumupeza atatopa. Mukasankha kuti azichokera kunyumba, mumupatse nthawi ngati kuti ali ku hositelo. Alembenso msanga ku bodi ya ngongole za ophunzira ikangotsegula, akudziwa kuti ndi ngongole yodzabweza.

Ndiye yankho langa ndi lakuti mulekeni aike za madzi poyamba. Fomuyo ili ndi malo a makozi angapo, unamwino akhoza kuuika pambuyo ngati iye mwini akuufuna, osati pofuna kutonthoza azakhali.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Mchengautuwa. Akuti anapeza mapointi 34, masamu anakhoza bwino koma Chingerezi anangopeza pasi, ndipo akufunsa ngati kwa iye nkhani ya madzi yatha.

Mphwanga, sinathe. Uli ndi njira ziwiri. Ukhoza kubwereza kuti upeze kirediti ya Chingerezi, chifukwa popanda imeneyo yunivesite ya boma siikutenga. Koma usanyoze njira ya TEVETA, ya maphunziro a luso la manja. Pulambala wodziwa ntchito yake mu Mzuzu muno sagona ndi njala. Yenda ku Luwinga, ku Katoto kapena ku Area 4 uwerenge nyumba zimene zikumangidwa, iliyonse ikufuna woika mapaipi, matanki ndi magiza. Anthu ambiri tsopano akuika mapampu oyendera dzuwa m'minda ndi m'masukulu, ndipo odziwa kuwaika ndi kuwakonza ndi ochepa, moti amene waphatikiza upulambala ndi zamagetsi a sola amachita kusankha kasitomala. Ku Mzuzu kuno kulinso SMART Centre, imene yakhala ikuphunzitsa amisiri kukumba zitsime ndi manja ndi kupanga mapampu a chingwe otsika mtengo, ndipo ena mwa ophunzirawo anatsegula mabizinesi awo. Kumidzi kuli amakaniko oyendayenda okonza mijigo ya Afridev, amene amalipidwa ndi makomiti a pamjigo. Masamu ako akuthandiza powerengera katundu ndi kulemba makotesheni, pamene amisiri ambiri amagwera. Chimene ndikukuchenjeza n'chakuti usalipire fizi pakoleji iliyonse yongotsegula m'nyumba ya lendi. Funsa kaye ngati ndi yolembetsedwa ku TEVETA, upemphe kuona chikalata chake, ndipo ulowe mu wekishopu uone ngati muli zida zokwanira kuti aliyense agwire yekha, osati ophunzira 30 kuzungulira sipanala imodzi.