Funsani Malume: Kodi Blantyre ndi wa ndani?

FUNSO: Malume, ine ndinabadwira ku Ndirande, sukulu yonse ndaphunzira konkuno koma bambo anga kwawo ndi ku Rumphi. Sabata yatha mu minibasi yopita ku Limbe tinakangana ndi mkulu wina nkhani yake ya mpando chabe, ndiye atandimva ndikuyankha foni mu Chitumbuka anangoti "obwera inu musatisokose, tauni ino ndi yathu". Zinandiwawa kobasi. Eni ake enieni a mzinda uno ndani? Mphwanu wa ku Ndirande.

YANKHO: Mphwanga, pepa. Ukanangowafunsa akuluwo mwaulemu kuti nanga inu bambo agogo anu anafika liti, bwenzi nkhani itathera pa siteji ya Ginnery Corner pomwepo.

Amishoni a ku Scotland atafika mu 1876 anapeza Ayao a mfumu Kapeni, ndipo dzina loti Blantyre analitenga kumudzi komwe anabadwira David Livingstone. Koma Ayaowo nawonso anali asanakhalitse, anabwera cha m'ma 1860 n'kupeza Amang'anja. Angoni nawo ankawoloka Shire kudzachita nkhondo, mu 1884 anthu mpaka anathawira m'mapiri, ena ku mishoni. Kenako Alomwe anayamba kulowa ambirimbiri kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1890 kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwera mu thangata m'maesiteti a azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, ana awo ndi omwe adzaza Bangwe ndi Limbe lero. Iwonso anatukwanidwapo ngati iweyo, ankawatcha Anguru, mpaka a Lewis Bandawe ndi anzawo analimbana nazo kuti dzina lonyozalo lithe.

Tsono akwanu akumpoto ambiri anabwera ndi cholembera m'thumba, ataphunzira ku Livingstonia n'kudzagwira ukalaliki m'maofesi ndi m'makampani. Ndipo chipani cha Nyasaland African Congress chitakhazikitsidwa mu Blantyre muno mu 1944, pulezidenti wake woyamba anali a Levi Mumba, munthu wakumpoto. Zimenezo ukawauze akuluwo ukadzakumana nawonso.

Koma chimene chimandinyansa ine ndi chakuti timaiwala msanga. Nthawi ya atsamunda tauniyi sinagawidwe potengera kuti uyu Mlomwe uyu Mtumbuka ayi, ankayang'ana khungu basi. Azungu ku Sunnyside ndi Mount Pleasant kumitengo ya mthunzi, amwenye pafupi ndi mashopu awo, ife akuda tonse kunja kwa malire a tauni. Ndirande wakoyo anakula choncho, anthu ogwira ntchito m'tauni kumanga tinyumba poti azitha kuyenda wapansi m'mamawa. Agogo anga aamuna, malemu, ankakonda kusimba za sitolo ina ya azungu komwe munthu wakuda sankalowa pakhomo, umaima panja pawindo chipewa chili m'manja, n'kumaloza ndi chala nsalu yomwe ukufuna osaikhudza, wogulitsa akakupatsa ina yoipa umangolandira. Ankati pamzere wa pawindopo panali Myao, Mngoni, Msena, Mtonga, ndipo palibe ankafunsa mnzake kuti kwanu n'kuti, dzuwa linkawawotcha chimodzimodzi.

Foni yako uziyankha mu Chitumbuka momwemo, koma za mpando uziwasiyira akuluakulu, izo ndiye sindikukuikira kumbuyo.

FUNSO: Malume, n'chifukwa chani amwenye anaunjikana ku Limbe, kumudzi kwathu ku Phalombe kulibe ngakhale mmodzi? Mayi wa ku Chirimba.

YANKHO: Mayi, analiko kumidziko, funsani achikulire akuuzani za sitolo za amwenye m'matireding'i senta, zina zikadalipo ndi makhonde ake aja zangosanduka mabwinja kapena zigayo. Ena mwa oyamba kufika anali asilikali achi Sikh omwe Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anabwera nawo mu 1891, kenako amalonda ochokera ku Gujarat, Asilamu ndi Ahindu. Limbe anawakoka chifukwa cha sitima, likulu la njanji linali pomwepo, fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco pomwepo, ndiye katundu amatsikira pakhomo penipeni. Paja Limbe anali tauni payekha, anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956.

Chomwe chinawachotsa kumidzi ndi lamulo la Kamuzu m'zaka za m'ma 1970, loti amwenye azichita malonda m'matauni akuluakulu okha, mashopu akumudzi asiyire Amalawi akuda. Ena anakhumudwa n'kupita ku Britain, otsala anadzathithikana ku Limbe ndi ku Blantyre. Kunena zoona mashopu ambiri omwe anasiyidwawo sanapite patali, amene anawatenga analibe mpamba komanso owapatsa katundu pangongole, anthu mpaka ankakwera basi kukagula mchere ndi palafini kutali. Masiku ano mukayenda mu Limbe mupezanso mashopu a Matchaina, ndipo m'makwalala mwathumu okala zambiri ndi za Maburundi, amene nawo tayamba kale kuwatcha obwera.